Juga Yovala Ubweya

Mukapita pa kaunjika musamangothera pa malaya ndi nsapato. Tsikani kumapeto kwa mzere, kumene mayi wina amayala chisaka pansi n'kukhuthulirapo zidole, ndipo muvundule muluwo. Mukachita mwayi mupezamo kachimbalangondo kapena kagalu kofewa, kolemerera kumimba ngati muli nyemba, kumbuyo kwake atasokererako kansalu kolembedwa zilembo ziwiri zokha: ty. Ine ndakapezapo kangapo, ndipo mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa mulu wa tomato. Mayi wogulitsayo sadziwa, ndipo alibe chifukwa chodziwira, kuti zaka pafupifupi 30 zapitazo ku America anthu akuluakulu a ndevu zawo ankakankhana m'masitolo kulimbirana kanthu kameneka. Ena ankakatsekera m'timabokosi tapulasitiki kuti kasagwire fumbi, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti tsiku lina kadzalipirira ana awo fizi ya kukoleji.

Zidolezo ndi Beanie Babies. Ndayamba nazo kuti pamene tikukamba za Labubu, chidole chimene chinayamba kuzunguza dziko mu 2024, tikhale titaona kale kumene ulendo wotere umakathera.

Kwa amene simunakaonepo, Labubu ndi kachidole kaubweya, kotalika ngati dzanja la munthu wamkulu, makutu osongoka ngati a kalulu, maso aakulu, ndi kukamwa kosekerera koonetsa mano asanu ndi anayi. Nkhope yake ndi ya mwana amene wanyambita shuga ndipo akudziwa kuti simumukwapula. Anakajambula ndi Kasing Lung, wobadwira ku Hong Kong koma wokulira ku Netherlands, m'mabuku ake a zithunzi otchedwa The Monsters amene anayamba kutuluka mu 2015. Mu 2019 anagwirizana ndi Pop Mart, kampani ya ku Beijing imene Wang Ning anayambitsa mu 2010, kuti izipanga ndi kugulitsa zidolezi. Kwa zaka zingapo zinkayenda ndithu, koma mosachititsa phokoso. Kenaka mu April 2024 Lisa, woyimba wa gulu la Blackpink, anaonetsa chake pa Instagram. Thailand, kwawo kwa Lisa, inayaka moto. Rihanna ndi Dua Lipa nawo anaoneka atachipachika pa zikwama zawo. M'chaka cha 2024 chokha banja la zidole za The Monsters linalowetsa 3 biliyoni yuan, kuwirikiza maulendo oposa 7 ndalama za chaka cham'mbuyo. Mu May 2025 Pop Mart inayamba yaimitsa kugulitsa Labubu m'masitolo ake onse 16 a ku Britain chifukwa anthu ankagona pamzere ndipo ena anafika pogwirana m'makosi. Mwezi wotsatira, ku Beijing, Labubu wina wamtali masentimita 131 anagulidwa pa okushoni pa mtengo wa 1.08 miliyoni yuan, pafupifupi madola 150,000. Nthawi yomweyo Wang Ning, asanakwanitse ndi zaka 40 zomwe, analowa m'gulu la anthu khumi olemera kwambiri ku China.

Ndamva mafotokozedwe atatu a chimene chachitikachi, ndipo onse atatu ndikuwakana.

Oyamba ndi a anthu oseka. Amati achinyamata a lero mitu yawo sikuyenda bwino: munthu wa zaka 30, wapantchito, kulirira chidole! Kuseka kumakoma chifukwa wosekayo amakhala wadziika pachulu. Koma anyani sasekana zikundu. Bambo amene akuseka mwana wake wamkazi chifukwa cha chidole chapachikwama ndi yemweyo amene usiku watha anachezera maso ali tong'o pa foni, kudikira kandege kuti kakwere pang'ono pokha asanatole ndalama zake, kenaka kandegeko n'kuthawa nazo. Mtima umene ukugunda mwa mwanayo potsegula kabokosi ndi womwewo umene unkagunda mwa bamboyo. Kusiyana kwake n'koti wina watsala ndi chidole, wina watsala ndi ngongole.

Achiwiri ndi a ziwanda. Chapakati pa 2025 pa TikTok panabuka mphekesera yoti Labubu ndi chifaniziro cha Pazuzu, chiwanda cha ku Mesopotamia wakale, ndipo ena anadzijambula akuotcha zidole zawo. Mphekesera zamtunduwu kwathu kuno sizisowa pogona. Mmawa yabuka, madzulo ili kale pa gulu la WhatsApp la amayi a mpingo. Umboni wake palibe, ndipo mwini wake wa chithunzicho ananena kalekale kuti anatengera nthano za kumpoto kwa Ulaya zimene ankawerenga ali mwana. Chimene chimandinyansa pa nkhani ya ziwandayi n'choti mudzi wonse umathamangira kukasaka mfiti kumanda pamene wakuba akutuluka ndi mbuzi pachipata masanasana. Komanso chinthu chikangotchedwa choopsa, ana ndiye amachifunitsitsa. Wootcha chidole uja anali atachigula kale, ndipo vidiyo yake inangothandiza kutsatsa malonda mwaulere.

Achitatu ndi amene ndalimbana nawo kwambiri, chifukwa amabwera atavala jekete ya sukulu. Awa ndi olemba nkhani zofotokoza maganizo a ogula. Amakuuzani kuti ubongo wa munthu umatulutsa dopamine, kuti munthu mwachibadwa amakonda zinthu zosowa, amaopa kutsalira anzake akamapita, amakumbukira ubwana wake. Zonsezi n'zoona. Koma amazifotokoza ngati akufotokoza za mvula: mitambo inasonkhana, mphepo inaomba, kunagwa Labubu. Munthu akakufotokozerani bwinobwino chifukwa chimene mbewa imakondera chiponde, n'kukhala chete osatchula amene watchera diwa, ndiye kuti wakuuzani theka la nkhani, ndipo theka limene wasiyalo ndi limene muli mlandu. Diwa silidzitchera lokha. Chilichonse chimene akatswiriwa akuchitcha chibadwa cha ogula, kumbali inayo ndi chosankha cha wogulitsa, chimene anthu olipidwa bwino anachikambirana pamsonkhano.

Tiyeni tiliyang'ane diwalo.

Labubu wotchuka uja sagulitsidwa poonekera. Amakhala m'kabokosi komata, m'kati mwake muli kathumba kosaonekera. Pa mtundu uliwonse pamakhala zidole zisanu ndi chimodzi zodziwika, zosiyana mitundu, ndi chimodzi chachinsinsi. Mumalipira musanadziwe chimene chili m'katimo. Mukufuna wapinki, mutha kupeza wobiriwira. Palibe chifukwa cha kufakitale kapena cha kasungidwe ka katundu chimene chimakakamiza kampani kumata kabokosiko. Chidolecho chikanatha kukhala m'pulasitiki yoonekera ngati chidole china chilichonse. Kumata kabokosi ndiye malonda akewo.

Chimene chimachitika munthu akamapatsidwa mphotho mosadziwika tsiku lake chinadziwika kale. B. F. Skinner wa ku Harvard ankatsekera nkhunda m'bokosi mokhala kabatani koti zizijompha kuti zipeze chakudya, ndipo mu 1957 iye ndi Charles Ferster anasindikiza buku lalikulu la zimene anapeza. Nkhunda imene imalandira chakudya pa kujompha kulikonse imajompha ikamva njala, ndipo chakudya chikasiya kutuluka imazindikira msanga n'kusiya. Koma imene imalandira mwa apo ndi apo, pena itajompha katatu, pena makumi anayi, osadziwa kuti kujompha kwamwayi n'kuti, imajompha mosapumira, ndipo ngakhale mutatseka chakudya imapitirizabe kwa nthawi yaitali. Skinner mwini wake ananena poyera kuti makina a juga amayendera lamulo lomweli. Patapita zaka, Wolfram Schultz ndi anzake anayeza ubongo wa apusi powapatsa madontho a juwisi. Anapeza kuti timaselo totulutsa dopamine timalumpha kwambiri mphotho ikabwera mosayembekezeka, ndipo pusi akaphunzira chizindikiro cha mphothoyo, timalumphira pa chizindikirocho juwisi asanafike. Mu 2003 anaonetsanso kuti pa nthawi yodikira ija timaselo timeneti timatakataka kwambiri pamene mwayi uli pakatikati, kupeza kapena kulephera. Tanthauzo lake kwa ife n'loti chisangalalo chachikulu chili pa kadanga kakang'ono kaja, chikhadabo chikulowa pansi pa chomata, kathumba kasanang'ambike. Kathumba kakangong'ambika, chimene munagula chatha. Chidole chatsala m'manjamo ndi chikhungwa chabe, ndipo kuti mumvenso zija muyenera kugula kabokosi kena.

Kampani sibisa mwayi wa chidole chachinsinsi. Pa mitundu yotchuka imalemba kuti ndi 1 pa 72. Anthu ambiri akawerenga zimenezi amaganiza kuti akagula timabokosi 72 ndiye kuti apeza basi. Ayi ndithu. Ngati mukutola kamodzikamodzi apa ndi apo, mutatsegula 72 mwayi woti simunachipezebe ndi pafupifupi 37 pa 100. Kuti mungofika poti mwina mupeza mwina ayi, theka kwa theka, muyenera kutsegula timabokosi pafupifupi 50. Ku America mu 2025 kabokosi kamodzi kankagulitsidwa madola pafupifupi 28. Wonkhetsani nokha, muona kuti ndi madola 1,400 ogulira theka la mwayi. Ngakhale zisanu ndi chimodzi wamba zija, kuti muzikwanitse pogula kamodzikamodzi, masamu akuti mwachizolowezi pamafunika timabokosi pafupifupi 15, chifukwa chomaliza chija chimavuta ndipo zobwereza zimachuluka. N'zoona kuti mungagule katoni yathunthu ya zisanu ndi chimodzi zosabwereza. Ndiye kuti njira yothawira juga ndi kulipira kasanu ndi kamodzi nthawi imodzi, katoniyo ikapezeka.

Ikapezeka, chifukwa mwala wachiwiri wa diwali ndi kusowa. Mu 1975 Stephen Worchel, Jerry Lee ndi Akanbi Adewole anapatsa anthu mabisiketi kuti alawe. Ena anatenga m'botolo mokhala khumi, ena mokhala awiri. Mabisiketiwo anali amodzimodzi, koma a m'botolo la awiri anthu anawayamikira kwambiri. Oyamikiridwa kuposa onse anali amene poyamba anali khumi, kenaka n'kuchotsedwa anthu akuona, atauzidwa kuti anzawo ena akuwafuna. Chidole chansalu ndi pulasitiki si golide wokumba pansi. Fakitale ikafuna ikhoza kupanga mamiliyoni. Mwina poyamba kampani inadzidzimukadi ndi kuchuluka kwa ogula, sindikana. Koma kutulutsa katundu pang'onopang'ono pa ola loikika, n'kutha m'mphindi zochepa, anthu n'kutsala akudinadina foni, ndi botolo lija lochoka pa khumi kufika pa awiri, kubwerezedwa sabata ndi sabata. Mzere wa anthu ogona panja pa sitolo ku London unali chikwangwani chotsatsa malonda chimene kampani sinalipire ndi tambala yomwe.

Mwala wachitatu ndi maso a anzathu. René Girard, Mfalansa amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Stanford, anathera moyo wake pa mfundo imodzi: kuti munthu safuna chinthu mwa iye yekha, amachifuna chifukwa waona wina akuchifuna. Aliyense amene analerapo ana awiri akudziwa zimenezi popanda kuwerenga buku. Chigubu chikhoza kukhala pabwalo mwezi wathunthu osachikhudza aliyense, koma mmodzi akangochinyamula, winayo ndiye kulira ngati wafedwa. Labubu anakhala m'masitolo zaka zisanu Lisa asanamunyamule. Nkhope yake sinasinthe mu April 2024. Ndipo taonani kumene amam'pachika: pa chikwama, kunja, poti aliyense aone. Chidole cha ana chimagona pamphasa ndi mwini wake. Ichi ntchito yake ndi kuyenda mumsewu n'kumauza anthu kuti mwini wanga anapeza chimene inu mwalephera.

Pano ndiulule, kuti ndisakhale ngati oseka aja. Sindinagulepo Labubu, koma pali usiku wina umene ndinatha bandulo yonse ya intaneti kuonera anthu osawadziwa akutsegula timabokosi. Ndinayamba ndi vidiyo imodzi kuti ndimvetse chimene mwana wa mlongo wanga ankandivutitsira. Mtsikana wina wa ku Bangkok kapena kwinakwake akugwedeza kabokosi pafupi ndi khutu, akutsinzina, akung'amba pang'onopang'ono, ine kuno mpweya nditaugwira. Akapeza wobwereza ndinkamva kukhumudwa ngati ndalama ndi zanga. Tambala woyamba analira ndili pomwepo. Ndine munthu amene ndinawerenga za nkhunda za Skinner, ndipo kudziwako sikunandithandize kanthu. N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva kuti mankhwala ake ndi kuphunzitsa ogula kudziletsa. Mavidiyo amenewa nawonso amanama mwakachetechete: amene foni imakukankhirani kwambiri ndi a anthu opeza chachinsinsi akukuwa ndi chimwemwe. A anthu 71 ena aja saonedwa kwambiri, choncho mwayi wa 1 pa 72 m'maso mwanu umaoneka ngati wa tsiku ndi tsiku.

Oikira kumbuyo malondawa ali ndi yankho limodzi lolimba, ndipo ndiliyankha mwaulemu. Amati iyi si juga chifukwa palibe amene amaluza: kabokosi kalikonse muli chidole. Pa juga ukaluza umabwerera chimanjamanja, pano umabwerera ndi kanthu.

Juga ili ndi miyendo itatu: umaika ndalama, mwayi ndiwo umagamula, ndipo mphotho zimasiyana mtengo. Pa kabokosi ka Labubu itatu yonse ilipo. Kukanakhala kuti zidolezo n'zofanana mtengo, bwenzi yankho lija lili ndi mphamvu. Koma pali msika wa ogulitsanso, pa StockX, pa eBay, pa Xianyu ku China, kumene chachinsinsi chimagulidwa mowirikiza kangapo mtengo wa m'sitolo, ndipo aliyense wong'amba kathumba akudziwa zimenezi. Munthu amene wapeza wobiriwira wachinayi pamene amafuna wapinki waluza, ngakhale m'manja mwake muli ubweya. Wotchovetsa juga atati aziika switi m'manja mwa aliyense woluza, kodi tinganene kuti wasanduka wogulitsa maswiti? Switiyo ndiyo imam'pulumutsa ku lamulo. Nyumba ya juga imafunika laisensi, imaletsedwa kulowetsa ana, imayang'aniridwa. Kabokosi komata kamagulitsidwa m'sitolo yowala bwino, m'msika waukulu, pafupi ndi ogulitsa ayisikilimu.

Si ine ndekha amene ndaona zimenezi. Ku Japan, kwawo kwa makina a gashapon amene mumaponyamo ndalama n'kugwa kampira kokhala ndi chidole chosadziwika, boma mu 2012 linaletsa kompu gacha, njira ya m'masewera a pafoni imene inkakakamiza osewera kutolera zinthu zamwayi mpaka zikwane kuti alandire mphotho yaikulu. Belgium mu 2018 inagamula kuti timabokosi tamwayi togula ndi ndalama m'masewera ena a pakompyuta ndi juga. Ndipo China yeniyeniyo, kwawo kwa Pop Mart, mu June 2023 inakhazikitsa malamulo oletsa kugulitsa timabokosi tomata kwa ana osakwana zaka 8, okulirapo n'kumafunika chilolezo cha makolo, komanso okakamiza ogulitsa kulengeza mwayi wake. Mu June 2025 nyuzipepala ya People's Daily, pakamwa pa chipani cholamula, inadzudzula timabokosi ndi makadi amwayi kuti akukola ana. Dziko limene likudya msonkho wa malondawa likuteteza ana ake. Maiko ogula ndi amene akuombera m'manja.

Ife a kum'mwera kuno tisaone ngati ndi nkhani ya kutali. Amene anakulira ku South Africa akukumbukira ma Tazo a m'mapaketi a tchipisi, ana kugula paketi n'kusaka kachitsekerero kaja tchipisi osazilabadira. Mu 2015 Pick n Pay inabweretsa Stikeez, tizidole tomata pagalasi, kamodzi m'kathumba kosaonekera pa R150 iliyonse imene mwagula. Chaka chotsatira Checkers inabwera ndi Little Shop, tizithunzi ta katundu wa m'sitolo, ndipo makolo anatsegula magulu a pa Facebook osinthanirana. Pamenepa kachidole kanali kaulere, koma mwana ndi amene anasanduka wokankha ngolo, kuuza mayi ake kuti aonjezere katundu ndalama ikwane R300. Njira yake ndi yomweyo: kathumba kosaonekera, gulu loti likwane, ndi kamodzi kovuta kupeza.

Ndipotu kabokosi komata ife tikukadziwa kuposa a ku London, kungoti kathu n'kakakulu, kolemera makilogalamu 45 kapena kuposa. Ndi belo la kaunjika. Mayi amatenga mpamba wake wonse, mwina wokongola ku banki m'khonde, n'kugula belo lomangidwa ndi malamba osaona m'kati. Akalidula pamsika anthu atazungulira, mtima uli m'mwamba, likhoza kutuluka la malaya abwino kapena la nsanza zong'ambika. Mufunseni mayi ameneyo ngati amasangalala ndi kusadziwako. Akanalola kuonjezera ndalama kuti asuzumire m'kati asanalipire. Kwa iye kusaona ndi mtolo umene wamphamvu wam'senzetsa. Luso la Pop Mart ndi kutenga mtolo womwewo, kuuveka ubweya ndi mano asanu ndi anayi, n'kuugulitsa ngati chisangalalo kwa anthu amene ali ndi mwayi wosankha.

Pali zimene ndikuvomera. Kutolera zinthu si matenda. Ife tinkatolera zitsekerero za mabotolo, ena masitampa, ena zithunzi za osewera mpira, ndipo palibe amene anafa nazo. Chojambula cha Kasing Lung chili ndi moyo wake. Kunyansa kokongola kuja si kwa aliyense, koma ndi luso. Ndimamvetsanso mnyamata kapena mtsikana wa ku Shanghai, Manila kapena Manchester amene akugwira ntchito mpaka usiku, nyumba yakeyake sadzaikwanitsa, ukwati akuuzengereza, ndiye wapeza kanthu ka madola 28 kamene kamamuseketsa akakayang'ana m'basi. Amene akuti ndi ndalama zanga, ndisiyeni, sakulakwa. Sindikulimbana ndi chimwemwe chake. Ndikulimbana ndi munthu amene waona kutopa kwa mnyamatayo n'kuwerengera kuti wotopa sachedwa kukodwa.

Mayeso ake ndi osavuta. Ngati anthu akukondadi chidolecho, chiikeni m'kabokosi koonekera, wofuna wapinki atenge wapinki, pangani chokwanira aliyense, ndipo tione kuti mzere ukhala wautali bwanji. Okonda luso la Kasing Lung agula chimodzi kapena ziwiri n'kupita kwawo okhutira. Ena onse amene ankagula 15 ndi 50 sadzabweranso. Kusiyana kwa ndalama pakati pa malonda awiriwa ndiyo ndalama ya juga, ndipo kampani ikuidziwa bwino nambala imeneyo kuposa tonsefe.

Za Beanie Babies zija zinatha motere. Ty Warner anayamba kuzigulitsa mu 1993 pa madola asanu okha, m'timasitolo ting'onoting'ono, osalola kuti sitolo imodzi itenge zambiri. Kenaka anayamba kumalengeza kuti chidole chakutichakuti chapuma, sichidzapangidwanso, ndipo chilichonse chopumitsidwa mtengo wake unkalumpha. Panatuluka mabuku olosera mitengo. Panafika nthawi imene gawo limodzi mwa magawo khumi a malonda a pa eBay linali la zidolezi. Mu 1999 ku Las Vegas mwamuna ndi mkazi amene anasudzulana analephera kugwirizana kagawidwe ka zidole zawo, ndipo woweruza analamula kuti zikhuthulidwe pansi m'bwalo la milandu. Chithunzi chake chilipo: anthu awiri akuluakulu atanjuta pansi, akusankha chimodzichimodzi mosinthana. Chaka chomwecho kampani inalengeza kuti zidole zonse zipuma pa 31 December, kenaka n'kusintha maganizo ati chifukwa anthu apempha. Anthu anayamba kuzindikira kuti chinthu chimene aliyense wasunga m'kabati mosamala sichingakhale chosowa. Mitengo inagwa. Chaka chomwechonso cha 1999 Warner anagula hotela ya Four Seasons ya ku New York. Mu 2013 anavomera mlandu wozemba msonkho pobisa ndalama ku banki ya ku Switzerland, ndipo sanapite kundende. Asanabwere iye kunali Cabbage Patch Kids, zimene makolo anamenyanirana m'masitolo mu 1983. Kampani yake, Coleco, inagwa mu 1988. Labubu naye, kampani itachulukitsa katundu chakumapeto kwa 2025, mitengo ya ogulitsanso inayamba kutsika, ndipo amene anasunga makatoni poyembekezera kulemera anayamba kuyang'anana.

Chimene ndikupempha si kuletsa zidole. Ndikupempha kuti mabungwe athu oona za juga ndi oteteza ogula, ku Lilongwe, Lusaka, Harare, Maputo ndi Pretoria, atchule chinthuchi dzina lake chisanakhazikike, chifukwa Labubu apita koma kabokosi komata katsala, ndipo mawa mudzakhala china. Ngati China ikuletsa kugulitsa kwa mwana wa zaka 7, ife tikudikira chiyani? Pa kabokosi pasamangolembedwa 1/72 m'tizilembo tosaoneka. Palembedwe kuti theka la mwayi ndi timabokosi 50, ndi mtengo wake m'ndalama za dzikolo. Ndipo chidole chilichonse chogulitsidwa m'kabokosi komata chizipezekanso poonekera pa mtengo wodziwika, kuti wofuna chidole asakakamizidwe kutchova. Palinso nkhani ya zabodza, zimene anazipatsa dzina loti Lafufu, zomwe ndizo zimafika kwambiri m'misika ya anthu osauka. Mu August 2025 bungwe loona za chitetezo cha katundu ku America linachenjeza kuti zimathyoka msanga ndipo tizidutswa take tikhoza kutsamwitsa mwana. Kwathu kuno wachenjeza ndani?

Mwana wa mlongo wanga uja ali ndi zaka 14. Anandilembera katatu pa WhatsApp: malume, mundigulire Labubu, anzanga awiri kusukulu ali naye. Nditatopa ndinam'yimbira. Ndinam'funsa kuti akufuna wamtundu wanji, anati wapinki. Ndinati chabwino, ndipeza munthu amene anatsegula kale wake n'kupeza wapinki, ndim'gule ameneyo, kuti tisataye ndalama pa wobiriwira. Anakhala chete kanthawi, ndikumva nkhuku zikulira kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga. Kenaka anati, "Ayi malume, wotsegula kale sakoma. Ndikufuna nditsegule ndekha."